Khoti la ku England likalamula kuti kaleredwe kanu kaunikidwe: zoyenera kudziwa ndi kuchita

Khonsolo ikapita kukhoti la mabanja ku England kapena ku Wales kukapempha kuti mwana achotsedwe m'manja mwa makolo ake, pepala lolemera kuposa ena onse patebulo la jaji ndi lipoti lounika kaleredwe ka makolowo. Maloya amalitcha parenting assessment. Jaji sanafikepo kunyumba kwanu, sanakuoneni mukusambitsa mwana kapena mukumutonthoza usiku, choncho amakudziwirani mwa zomwe walemba munthu wina. Amalawi, Azambia ndi ena olankhula Chichewa okhala ku Manchester, Leeds, London ndi mizinda ina amagwera m'ndondomekoyi asanaimvepo n'komwe, ndipo ambiri masabata oyambirira amawathera mu mantha ndi manyazi, chonsecho ndi m'masabata omwewo momwe khoti limamvetsera zopempha za kholo. Zomwe zili pano ndi za England ndi Wales basi. Scotland ndi Northern Ireland ali ndi malamulo awoawo.

Loya, ndi tsiku la 18

Kawirikawiri khonsolo imayamba yakulemberani kalata yochenjeza kuti ikulingalira zopita kukhoti, ya letter before proceedings. Kalata imeneyo imakupatsani ufulu wopeza loya wolipiridwa ndi boma, ndiye musaisunge m'chikwama. Mlandu ukalowa m'khoti, kholo lililonse limalandira legal aid, thandizo la boma lolipira loya, mosayang'ana malipiro ake, kulimba kwa mlandu wake, kapena mapepala ake okhalira m'dzikomo. Funani loya wa milandu ya ana, makamaka amene ali pa mndandanda wa Children Law wa Law Society. Amene akukuyendetserani za viza ndi wa ntchito ina. Ngati zomwe bambo akunena zikusiyana ndi za mayi, kapena m'banjamo muli nkhanza, aliyense akhale ndi loya wake.

Kuchokera mu 2014, lamulo limafuna kuti mlandu wotere uthe m'masabata 26. Jaji angawonjezere nthawi, osapitirira masabata 8 pa ulendo umodzi, koma pokhapokha pali chifukwa chogwirika. Msonkhano wokonza kayendedwe ka mlandu, wa Case Management Hearing, umachitika pakati pa tsiku la 12 ndi la 18 chiyambire mlandu. Malamulo a khoti amati pempho lofuna katswiri lifike pasanadutse msonkhano umenewu. Ndiye ngati mukuona kuti mukufunika womasulira, kapena kuwerenga kumakuvutani, kapena muli ndi m'bale amene angalere mwanayo, loya wanu amve zimenezi pa tsiku loyamba kukumana naye. Pempho lobwera pa sabata ya 20 limakumana ndi funso lovuta kuyankha: munali kuti nthawi yonseyi?

Ndani akuunikeni, ndipo makhoti anagamula zotani

Woyamba kuunika ndi social worker, wogwira ntchito za chisamaliro cha ana, wa khonsolo yomweyo yomwe yakusumirani. Makolo ambiri izi zimawapweteka, ndipo n'zomveka. Koma makhoti amatenga social worker wa khonsolo komanso guardian wa mwana, amene amaimirira zokomera mwanayo m'khoti ndipo amachokera ku bungwe la Cafcass (ku Wales, Cafcass Cymru), ngati akatswiri okwana. Kuti jaji alole munthu wina wapadera, kaya independent social worker kapena psychologist, gawo 13 la Children and Families Act 2014 limati umboni wakewo ukhale wofunikira kuti mlandu uweruzidwe mwachilungamo. Pa mlandu wa Re H-L mu 2013, Sir James Munby, yemwe anali mkulu wa makhoti a mabanja, anafotokoza kuti kufunikira kumeneku n'kwa chinthu chomwe mlandu ukuchifunadi, osati chomwe chingangothandizako kapena chomwe kholo lingakondwe nacho. Jaji amayezanso kuti mwana akhudzidwa bwanji, mlandu uchedwa bwanji, zidya ndalama zingati, komanso ngati yankho lake silingachokere kwa anthu omwe ali kale pa mlandupo.

Kunena kuti "social worker uyu amadana nane" sikupita patali. Zomwe zimamveka ndi mipata yooneka mu lipoti la khonsolo: anakufunsani popanda womasulira pomwe Chingerezi chanu n'chochepa, anakumana nanu kawiri kokha, lipoti linalembedwa musanasiyane ndi mwamuna wankhanza uja, wolemba anasiya ntchito pakatikati wina n'kungomalizitsa, kapena sanafunse n'komwe za thandizo lomwe achibale angapereke. Pempho limalembedwa pa fomu ya C2 ndipo liyenera kutchula dzina la katswiriyo, maphunziro ake, mafunso omwe adzayankhe, tsiku lomwe adzamalize ndi mtengo wake. Pempho lopanda izi limagwa lisanamveke. Ngati ndi psychologist, loya aone ngati analembetsa ku HCPC, bungwe loyang'anira akatswiri a zaumoyo, chifukwa pa mlandu wa Re C mu 2023 Sir Andrew McFarlane, yemwe panthawiyo anali mkulu wa makhoti a mabanja, anachenjeza kuti ku Britain munthu angadzitche psychologist popanda bungwe lomuyang'anira. Social worker wa ku England akhale wolembetsa ku Social Work England.

Palinso kuunikidwa kogonera komweko, komwe mayi, nthawi zina ndi bambo yemwe, amakakhala ndi mwana kunyumba yapadera pafupifupi masabata 12. Mphamvu yolamula zimenezi ili mu gawo 38(6) la Children Act 1989. Mu 1996, pa mlandu wina wa Re C, khoti la House of Lords linagamula kuti jaji angalamule kuunika kotere ngakhale khonsolo ikukana chifukwa cha ndalama, popeza mwana wakhanda sungamuunike pomusiyanitsa ndi amene akumulera. Mu 2005 khoti lomwelo linaika malire pa mlandu wa Re G, wokhudza chipatala cha Cassel: gawoli n'lounikira, si lolamulira kuti kholo lipatsidwe chithandizo cha maganizo kuti lisinthe. Loya wanu akalemba pempho ngati lofuna kuti muchiritsidwe, akanidwa. Alembe mafunso omwe jaji alibe yankho lake panopa, omwe angayankhidwe pokhapokha wina akuoneni ndi mwana usana ndi usiku. Dziwaninso kuti kumalo amenewa, omwe ku England amayenderedwa ndi bungwe la boma la Ofsted, ambiri ali ndi makamera, ndipo ogwira ntchito amalemba ngakhale nthawi yomwe mwadzuka mwana atalira. Kwa mayi wodekha ndi mwayi waukulu. Kwa amene akubisa mowa kapena chibwenzi, zonse zimaululika msanga.

Mukafuna nthawi yowonjezera kuti muonetse kusintha, majaji amatsata mafunso atatu omwe Munby anaika pa mlandu wa Re S mu 2014, polankhula za makolo olimbana ndi mowa, mankhwala ozunguza bongo kapena matenda a maganizo. Kodi pali umboni wolimba woti kholo latsimikiza mtima kusintha? Kodi pali umboni woti lipitiriza osabwerera m'mbuyo? Nanga litha kusintha pa nthawi yomwe mwanayo angadikire? Funso lachitatuli ndi lomwe limagwetsa ambiri. Khanda la miyezi inayi silingadikire zaka ziwiri. N'chifukwa chake maphunziro a kaleredwe, uphungu wa nkhanza za m'banja kapena thandizo losiyira mowa muyenera kuyamba sabata ino, jaji asanakuuzeni, ndipo musunge kalata iliyonse yosonyeza kuti munapitako. M'madera ena muli khoti lapadera la FDAC, la makolo olimbana ndi mowa kapena mankhwala ozunguza bongo, lomwe linayamba ku London mu 2008, momwe kholo limaonana ndi jaji yemweyo pafupipafupi likulandira thandizo. Funsani ngati kwanuko liliko.

Zomwe wounika amayang'ana

Kuunika kwa kunyumba kumatenga masabata pakati pa 8 ndi 12 nthawi zambiri. Pemphani pulani yolembedwa: masiku okumana, malo, ndi mitu yokambirana. Ambiri amatsatabe magawo asanu ndi limodzi omwe boma linaika mu 2000: chisamaliro cha tsiku ndi tsiku, kuteteza mwana, chikondi choonekera, kumulimbikitsa kuphunzira ndi kusewera, malangizo ndi malire, ndi kukhazikika kwa pakhomo. Adzakufunsani za ubwana wanu, amene anakulerani, mmene ankakulangirani, maubwenzi anu onse, ndalama, ngongole ndi thanzi. Adzabwera kunyumba atakuuzani, adzabweranso osakuuzani, n'kutsegula firiji ndi kuona pogona mwana.

Ngati mwana ali kwa foster carer, munthu amene khonsolo yamupatsa kuti amusunge, nthawi yocheza naye ku contact centre, malo okumanirana naye pali woyang'anira, ndi gawo la mayeso. Woyang'anira amalemba nthawi yomwe mwafika, zomwe mwabweretsa, ngati munakhala pansi kusewera naye kapena munali pafoni, ndi zomwe munachita atayamba kuvuta. Fikani mphindi khumi nthawi isanakwane, ndi matewera, chakudya choyenera msinkhu wake ndi kabuku kapena chidole. Musamufunse mwana za mlandu, musamulonjeze kuti abwera kunyumba sabata yamawa, ndipo potsanzikana dzilimbitseni, mukalirire panja. Basi ikachedwa imbani foni nthawi yomweyo, chifukwa tsiku lomwe simunafike popanda kunena limalowa mu lipoti ngati umboni woti simudalirika. Khalani ndi kope lanu lolembamo tsiku, amene munakumana naye ndi zomwe munagwirizana.

Apa tikhalitsepo, chifukwa ndi pomwe mabanja athu amapunthwa kwambiri. Zinthu zina zomwe kwathu ndi ulemu, pepala la social worker limaziwerenga mwina. Munthu wamkulu kapena waudindo akamalankhula timati "inde, chabwino" ngakhale sitinamve kapena sitikugwirizana nazo, ndipo mawa tikachita zosiyana amalemba kuti ndife osakhulupirika. Ngati simunamve, nenani kuti abwereze. Mwana wolera bwino kwathu sayang'ana wamkulu m'maso ndipo amakhala phee alendo akabwera, koma wounika wosadziwa angalembe kuti mwanayo amaopa makolo ake. Fotokozani zimenezi msanga, ndipo loya apemphe kuti funso la chikhalidwe likhale pakati pa mafunso omwe wounika ayankhe. Kubereka mwana kumbuyo ndi chitenje, kudya nsima ndi manja, kuyankhula naye Chichewa, zonsezi palibe cholakwa, ndipo pa contact mungapemphe womasulira kuti musaletsedwe chinenero chanu. Makanda ambiri akuda amabadwa ndi mabanga otuwa mobiriwirako kumsana ndi m'matako, omwe munthu wosazolowera angawayese mikwingwirima. Onani ngati analembedwa m'kabuku kofiira ka mwana ka kusikelo, ndipo ngati sanalembedwe pemphani dokotala wa ana awaone.

Koma pali zina zomwe chikhalidwe sichingakutetezeni nazo, ndipo tisanamizane. Ku Wales kumenya mwana mwa njira iliyonse n'kulakwira lamulo kuyambira pa 21 March 2022. Ku England gawo 58 la Children Act 2004 silikutetezani ngati mwasiya chipsera kapena kutupa, ndipo lamba, waya kapena mthiko zimatengedwa ngati nkhanza. Kuyankha kuti "ifenso tinakula choncho ndipo tili bwino" ndi chiganizo chomwe chimalembedwa mu lipoti momwe mwachinenera, n'kutsatiridwa ndi mawu oti kholo silikuona vuto. Chomwe wounika akufuna kumva ndi chakuti mwazindikira mmene mwana anamvera, ndipo tsopano mumachita chiyani akakana kumvera. Kusiyira mwana wa zaka 9 azing'ono ake inu muli ku shifiti ya usiku ndi nkhani ina yomwe imabweretsa khonsolo pakhomo. Lamulo silitchula zaka, koma bungwe loteteza ana la NSPCC limalangiza kuti ana osakwana zaka 12 asasiyidwe okha nthawi yaitali, ndipo makanda asasiyidwe n'pang'ono pomwe. Onetsani pulani yeniyeni: dzina la wosamala ana, maola ake, ndi kalata ya abwana ngati mwasintha mashifiti. Kutchula mwana kuti ndi mfiti kapena ali ndi ziwanda, kumusalitsa kudya kapena kumutengera ku mapemphero omukuwira usiku wonse, khoti limakuwerenga ngati kuzunza mwana.

Pa nkhanza za m'banja, lamulo limati mwana amene amaona kapena kumva mayi ake akumenyedwa wavulazidwa naye. Mudzafunsidwa ngati muunikidwe limodzi ngati banja kapena payekhapayekha. Lingalirani mofatsa ndi loya. Choopsa kwambiri ndi kunena kuti munasiyana pomwe mukuonanabe mobisa, chifukwa khoti lingalamule kuti foni ifufuzidwe. Majaji amavomereza kuti munthu anganame chifukwa cha manyazi kapena mantha, ndipo bodza limodzi silitsimikizira mlandu wonse. Komabe wounika akakugwirani bodza amafika pa mfundo yoti khonsolo singagwire nanu ntchito mwana atabwerera kunyumba, ndipo mfundo imeneyo ndi yovuta kuifafaniza. Ngati apolisi nawonso akufufuza za kuvulala kwa mwana, kambiranani ndi loya musanayankhe mafunso amenewo, popeza khoti lingalole kuti zolembedwa zipite kupolisi.

Womasulira akhale wa ntchito yake, osati mwana wanu, mwamuna wanu kapena mnzanu wa kutchalitchi. Makampani ena omasulira chinenerochi amachilemba kuti Nyanja, ndiye tchulani ngati mukufuna wa Chichewa cha ku Malawi kapena Chinyanja cha ku Zambia. Popeza ndife ochepa m'mizinda imeneyi, mungapeze kuti wabwerayo mumadziwana. Muli ndi ufulu womukana.

Akalamula kuyeza tsitsi pofufuza mowa kapena mankhwala, amawerengera kuti sentimita imodzi ndi mwezi umodzi. Uzani wodula tsitsiyo za relaxer, dayi, mesh ndi mankhwala onse akuchipatala omwe mukumwa, ndipo onetsetsani kuti walemba. Musamete mpala mutamva za kuyezako, chifukwa zimaoneka ngati mukubisa. Pa mlandu wa Re H mu 2017, jaji Peter Jackson anati zotsatira za tsitsi ziwerengedwe pamodzi ndi umboni wina wonse, choncho zikatuluka zosemphana ndi zomwe mukudziwa, loya angafunse mafunso kwa oyezawo.

Ngati kuphunzira kapena kukumbukira kumakuvutani, musabise. Pamafunika kaye psychologist ayeze kamvedwe kanu, kenako kuunika kuchitike ndi njira zopangidwira makolo otere, monga PAMS kapena ParentAssess, zomwe zimagwiritsa ntchito zithunzi ndi kuonetsa ndi manja, mwachitsanzo kupanga botolo la mkaka wounika akuona. Pa mlandu wa Re D mu 2016, Munby anatsindika kuti funso n'lakuti kholo lingalere bwanji litapatsidwa thandizo, ngakhale kuti pa mlandu umenewo mwanayo sanabwerere kwa makolo ake. Lipoti lomwe silinatsate njirazi ndi limodzi mwa malipoti omwe jaji amavomera kuti abwerezedwe.

Lipoti likatuluka loipa

Liwerengeni ndi loya, ndi womasulira ngati n'kofunika, ndime ndi ndime. Siyanitsani zolakwika zenizeni ndi maganizo a wolemba. Akalemba kuti munajomba ku contact kasanu pomwe kawiri ndi khonsolo yomwe inalepheretsa, bweretsani mauthenga a pafoni otsimikizira. Ngati wolembayo ndi katswiri wosankhidwa ndi khoti, mafunso olembedwa amatumizidwa pasanathe masiku 10 chilandirireni lipoti. Mudzalembanso sitetimenti yanu yoyankha, ndipo pa mlandu womaliza loya wanu angamufunse wolembayo pamaso pa jaji. Jaji akakana pempho la katswiri wina, nthawi yochita apilo ingakhale masiku 7 okha.

Lipoti loipa si chigamulo. Khonsolo ndi yomwe iyenera kutsimikizira, malinga ndi gawo 31 la Children Act 1989, kuti mwana wavulazidwa kwambiri kapena angavulazidwe chifukwa cha kaleredwe. Mu Re A ya 2015, Munby anadzudzula khonsolo ya Darlington pobweretsa zoganizira m'malo mwa umboni, n'kunena kuti chilichonse chomwe kholo likunenezedwa chilumikizidwe ndi vuto lenileni kwa mwana. Jaji Hedley, mu Re L, ananena kuti dziko liyenera kulolera kaleredwe kosiyanasiyana, ngakhale kongokwanira pang'ono, ndipo mawu akewo amatchulidwabe m'makhoti. Umphawi pawokha si mlandu. Ngati viza yanu sikulolani thandizo la boma, funsani za thandizo la gawo 17 la Children Act, lomwe khonsolo ya ku England ingapereke kwa mwana wosowa. Pa za adoption, yomwe ku England imadula ubale wonse wa mwana ndi makolo ake pamaso pa lamulo, Supreme Court inagamula mu Re B ya 2013 kuti ichitike pokhapokha palibenso njira ina yomuyenera mwanayo. Chaka chomwecho Court of Appeal, pa mlandu wa Re B-S, inalamula kuti khonsolo ndi guardian ayeze ubwino ndi kuipa kwa njira iliyonse yotheka, kuphatikizapo kubwerera kunyumba ndi thandizo. Loya wanu afunse kuti: ndi thandizo liti lomwe munaliganizira, ndipo munalikaniranji?

Mapepala a mlandu ndi achinsinsi. Kuwaika pa Facebook kapena pa gulu la WhatsApp la anthu akumudzi n'kunyoza khoti, ndipo kumalowanso mu lipoti.

Achibale, kuno ndi kumudzi

Manyazi amachititsa makolo ambiri kubisira abale awo mpaka mlandu utatsala pang'ono kutha, ndipo pamenepo jaji angakane kuyamba kuunika munthu watsopano. Kutchula m'bale sikutanthauza kuti mwagonja. Kuunika kwanu ndi kwa iwo kumayendera limodzi. Lembani mayina a kuchikazi ndi kuchimuna komwe, agogo, azakhali, amalume, achemwali, ngakhale mnzanu wapamtima amene mwana amamudziwa, ndi manambala awo a foni, n'kupereka pasanafike msonkhano wa Case Management Hearing uja. Pemphaninso family group conference, msonkhano womwe banja limapanga lokha pulani. Bungwe la Family Rights Group limapereka uphungu waulere kwa makolo ndi achibale pa zimenezi.

M'bale aliyense amayamba ndi kuunikidwa mwachidule, viability assessment. Muchenjezeni kuti akangoti "mwana wathuyu sanalakwe, akumunamizira," agwa pomwepo, chifukwa chomwe akuyesedwa ndi chakuti angateteze mwanayo ngakhale kwa inu amene. Akakanidwa, apemphe lipotilo, apeze uphungu wa loya msanga, ndipo angapemphe khoti kuti liunikenso. Akadutsa, pamabwera kuunika kwakuya komwe kungathere pa special guardianship order, chigamulo chomupatsa m'baleyo udindo wolera mwanayo mpaka atakula.

Agogo a ku Zomba kapena azakhali a ku Chipata nawonso angaunikidwe. Makhonsolo amagwiritsa ntchito bungwe la CFAB, lomwe limalumikizana ndi ogwira ntchito za chisamaliro cha ana m'maiko ena, ndipo izi zimatenga miyezi, choncho dzina lochedwa limapweteka kwambiri pano. Akonzekere kuonetsa nyumba, sukulu yomwe mwana angapite, chipatala chapafupi, ndalama zomwe amapeza ndi kalata ya kupolisi. Pa mlandu wa Re E mu 2014, khoti linati mwana akakhala nzika ya dziko lina, ofesi ya kazembe wa dzikolo idziwitsidwe, ndiye kwa Amalawi ndi Malawi High Commission ku London. Ngati munapempha asylum ndipo simukufuna kuti boma la kwanu lidziwe komwe muli, uzani loya pa tsiku loyamba kuti apemphe jaji asalole kudziwitsako.